Upo wa Tizilombo ta Kolera

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi kufufuza mabakiteriya, amayesa kuti ndimakhalira kuyang'ana tinthu topanda nzeru, tongodziwa kuswana ndi kupha; koma ine amene ndimatilera m'timbale tagalasi ndinena kuti kachilombo ka kolera, kamene kanatenga miyoyo yoposa 1,700 kuno ku Malawi pa mliri wa 2022 ndi 2023, sikachita kanthu kasanamve za anzake.

Kachilombo kalikonse ka Vibrio cholerae kamataya timankhwala pamene kali, ndipo pakhungu pake pali ma enzyme olawa timankhwalato, amene amatumiza mbiri m'kati mwa kupatsirana phosphate, wina kwa mnzake, kufikira kachilomboko kadziwa ngati kali kokha kapena kali m'khamu. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mabakiteriya ambiri amalindiradi kuchuluka asanaukire. Koma a kolera, taonani, amachita zosiyana, pakuti amapanga ululu wawo akali owerengeka, ndipo akadzaza m'matumbo amaleka, namasula pamene anagwira, natuluka ndi chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga kukafuna munthu wina.

Ululuwo ndi puloteni yaikulu, yosatha kubowola yokha khungu lakunja la kachilomboko. Chifukwa chake pali chipangizo cha mapuloteni oposa khumi, chimene ife timachitcha Type II, choukankha kudzera pa chipata monga mjigo ukankhira madzi kumwamba. Kuti wodwalitsa ndi ululu, anatsimikiza ndi Sambhu Nath De ku Calcutta mu 1959, munthu amene dziko silinamulemekeze mokwanira: iye anasefa madzi olereramo tizilombo mpaka osatsalamo kamodzi komwe, nawathira m'chigawo cha thumbo la kalulu chomanga uku ndi uku, ndipo chinatupa ndi madzi.

Ululuwo ukalowa m'maselo a matumbo, umachititsa enzyme yathu, adenylate cyclase, kugwira ntchito kosalekeza, kotero kuti mchere umatuluka, madzi nautsata, nthawi zina lita yathunthu pa ola limodzi. Koma khomo limene shuga ndi mchere zimalowera pamodzi ululuwo sulikhudza konse. Ndipo paketi ya Thanzi ORS, yosungunula mu lita imodzi ya madzi aukhondo, imabweza madzi m'thupi kudzera pa khomo lomwelo, wodwala akali kutsegula m'mimba.