Agogo anga sadapondepo pa Mbenje

Foni ya agogo anga imalira kamodzi pamwezi, ndipo woimba ndimakhala ine. Macheza ake sakwana mphindi ziwiri. "Mwadzuka bwanji agogo? Ndatumiza kangachepe, mutume mwana akatape kwa ejenti." Akathokoza, ine foni duu. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikudziona ngati mdzukulu wabwino chifukwa cha zimenezi.

Mwezi wathawu ndidapita kumudzi, kufupi ndi doko la Chikombe kwa mfumu yaikulu Makanjira m'boma la Salima. Chidanditengera kumeneko ndi uthenga wa mayi anga woti agogo ayamba kusokoneza mayina a zidzukulu. Ndidakhalako masiku anayi, ndipo ndabwerako ndi manyazi. Munthu amene ndimamutumizira ndalama mwezi ndi mwezi ndinali ndisakumudziwa.

Tsiku la agogo limayamba kusanache. Amasesa pabwalo, kusonkha moto pamafuwa, n'kutereka madzi a phala. Kenako amaima pakhonde kuyang'ana kunyanja. Safuna wailesi kuti adziwe zanyengo. "Lero kuli mwera, a mabwato ang'onoang'ono asayerekeze," adatero tsiku loyamba, ndipo pofika 10 koloko mafunde adali atalusadi. Kumjigo sapitanso, miyendo idakana, ndiye madzi amawatungira ndi mdzukulu wina amene amagona nawo. Koma lichero sadalisiye. Mpunga amapeta okha, ndipo usipa ukapezeka amafutsa okha n'kuyanika pathandala lakuseri kwa nyumba.

Chiphaso chawo chaunzika chimati adabadwa mu 1945. Iwo amaseka. Akuti pa kalembera wa 2017 adangouza mlembi kuti pa njala ya 1949 adali atayamba kale kutumidwa kukapala moto kwa anansi, mlembiyo n'kuwerengera yekha. Zaka zawo agogo saziwerenga ndi manambala. Amati "chaka cha chivomerezi", "chaka cha njala", "chaka chomwe nyanja idafika pamlambe".

Kukacha bwino, uli padoko umachiona chilumba cha Mbenje. Kumeneko n'komwe malemu agogo aamuna adathera moyo wawo akupha utaka. Mwa malamulo omwe mafumu a kwa Makanjira akhala akusunga kuyambira m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa mu December n'kutsegulidwa mu April kuti nsomba ziswane. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba ngakhale njuga, ndipo munthu wamkazi sapondapo. Choncho agogo akhala zaka zoposa 50 akudya za pa Mbenje, kuphunzitsa ana ndi ndalama za pa Mbenje, koma mchenga wake sadauponde.

Ine ndi sukulu yangayi ndidafunsa ngati kumeneko si kupondereza amayi. Adandiyang'ana kaye, kenako adati: "Kaya, inu ophunzira ndi amene mukudziwa. Ine chomwe ndidaona n'choti agogo ako akachokera pa Mbenje ndalama imafika pakhomo yathunthu. Akagona pamadoko ena imafika theka." Sindidakhutire kwenikweni, ndipo iwonso sadandikakamize. Adangoonjeza kuti ntchito yeniyeni imayamba bwato likakocheza: kuyanika, kutembenuza, kulondera agalu ndi akhwangwala, kukangana mtengo ndi ogula ochokera ku Lilongwe. Yonseyo inali ya amayi, ndipo palibe amene amaitchula pamwambo wotsegulira chilumba.

Usiku wachiwiri, titakhala pamkeka, ndidayatsa chojambulira mawu pafoni. Adayamba ndi chivomerezi. Mabuku amati chidachitika pa 10 March 1989, ndipo Salima ndi limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa kwambiri. Agogo tsikulo salidziwa, koma amakumbuka kuti unali usiku, nkhuku zidalira m'khola, ndipo chipupa cha kuchipinda kwa ana chidang'ambika kuchokera kudenga mpaka pansi. Banja lonse lidagona panja kwa masabata angapo, dzinja lili pakati. Mayi anga, omwe nthawiyo anali mtsikana, akuti adakana kulowanso m'nyumbamo mpaka itamangidwa ina. Ine ndakula ndikuwaseka mayi kuti amadzidzimuka lole ikangodutsa pamsewu. Chifukwa chake ndachidziwa ndili ndi zaka 24.

Kenako tidafika pa nkhani ya bwato. Kunyumba kwathu tonse tidakula tikudziwa kuti agogo aamuna anali ndi bwato lamatabwa ndi ukonde wa chilimira, ndipo kuti bwatolo lidamira ndi mwera. Umu ndi momwe amatiuzira. Agogo adakhala chete kanthawi, n'kunena kuti: "Silidamire. Tidagulitsa."

Munali mu February 2002, njala itafika posauzana. Anthu amadya gaga ndi mitsitsi ya nthochi, kolera nayo ili mkati. Chilumba chinali chotseka, chimanga pamsika chitakwera moti wosauka sakadachikwanitsa. Pakhomo panali anthu 9, kuphatikizapo mayi anga omwe adabwerera kumudzi ndi khanda kumsana. Mkaka udayamba kuuma chifukwa mayiwo samadya. Agogo aamuna adatenga bwato ndi ukonde, chuma chomwe adachisonkhanitsa kwa zaka zambiri, n'kusinthanitsa ndi matumba a chimanga. Kuchokera pamenepo adakhala mlovi, wokoka ukonde m'bwato la munthu wina, mpaka imfa yawo. Adapempha kuti ana asadzauzidwe, poopa kuti wina angadzadzione ngati ndiye adasaukitsa banja.

"Khanda lija ndiwe," adatero agogo, uku akukonza chitenje. Adanena mopanda kulemera kulikonse, ngati akundiuza kuti ndiwo zapsa.

Ndidagona mochedwa usiku umenewo. Ndimaganiza za K20 000 yomwe ndimatumiza ndikudzimva kuti ndine wothandiza. Ndimaganizanso kuti agogo akadatisiya chaka chatha, nkhaniyi ikadapita nawo kumanda, ife n'kumauza ana athu za bwato lomira ndi mwera.

Mwina wina anena kuti izi ndi nkhani zakale chabe, zomvetsa chisoni koma zosadyetsa. Funsani msuweni wanga. Zaka zingapo zapitazo adamanga nyumba ya njerwa zootcha kumunsi kwa mlambe womwe uli kumalire a munda wathu. Agogo adamuletsa. Adati cha m'ma 1980 nyanja idakwera mpaka kufika pamtengo umenewo, ndipo madzi saiwala pomwe adagonapo. Iye adati agogo akalamba. Mu 2024 nyanja ya Malawi idakweranso, n'kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo ku Senga Bay, Nkhotakota ndi Mangochi. Nyumba ya msuweni wanga idatsala maziko okha. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma apa adakoma malata ndi simenti zitapita kale.

Malire a munda womwewo ali m'mutu mwa agogo basi. Palibe pepala. Malo a m'mbali mwa nyanja masiku ano akusakidwa ndi anthu andalama, ndipo mikangano yambiri ya malo imabuka wamkulu wodziwa malire akangotsikira kulichete. Tsiku lachitatu ndidawagwira dzanja, tidayenda pang'onopang'ono, iwo akuloza: chulu ichi, chitsa icho, pomwe padali mtengo wa bwemba. Ndidajambula zonse pa vidiyo, malume ndi mwana wa anyakwawa ali pomwepo.

Kuiwala kwayambadi. Kawiri konse adanditchula dzina la mayi anga. Tsiku lina adafunsa ngati agogo aamuna abwerako kunyanja, patatha mphindi zochepa n'kudziseka okha. Izi zimandiopsa pa chifukwa china. M'midzi yathu gogo akayamba kulankhula zosokonekera kapena kusochera usiku, sipatenga nthawi kuti wina amutche mfiti, ndipo tamva kangati za okalamba omenyedwa ngakhale kuphedwa kumene? Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma lamulo lili ku Lilongwe. Chomwe chimateteza gogo pamudzi ndi anthu kuona kuti ali ndi abale omwe amabwera, amakhala naye pansi, ndipo amadziwa kuti kuiwala ndi matenda a ukalamba.

Aise, foni yomwe ukuwerengera nkhaniyi ili ndi chojambulira mawu, ndipo sichidya bandulo. Ukapita kumudzi usakanene kuti "agogo, tandiuzani mbiri yanu", adzangoti palibe chomwe adaona. Ukafunse zazing'ono. Chipsera cha pamwendochi chidabwera bwanji? Mphika uwu mudagula kuti? Mayi anga adabadwira m'nyumba iti? Dzina langali adanditcha ndani? Ukatero ukhale chete, usathamangire kuwakonza zaka. Ngati ulendo wavuta, imba foni tsiku lomwe sukutumiza ndalama.

Ine ndabwerako ndi maola atatu a mawu a agogo. Kachigawo ka bwato ndidapempha kaye chilolezo chawo ndisanakatumize pagulu la WhatsApp la banja lathu. Adati: "Tumiza, mwini wake adagona, manyazi adatha." Malume omwe ali ku Johannesburg adaimba usiku womwewo. Adalankhula pang'ono, kenako mawu adawathera. Mayi anga sadayankhe chilichonse pagulupo, koma mmawa mwake adandifunsa mtengo wa minibasi yopita ku Salima.

Lamulungu lapitali ndidawaimbira agogo popanda chotumiza. Poyamba adafunsa kuti ndine ndani. Nditadzitchula, adandiuza kuti mwera wayamba msanga chaka chino, nkhuku yawo yaswa anapiye 7, ndipo pali nkhani ya ukwati wawo yomwe adaiwala kundiuza. Tidacheza mphindi 26 mpaka mayunitsi adandithera. Nkhani ya ukwatiyo tidailekezera panjira, ndiye Lamulungu likubwerali ndiimbanso.