Kanambala ka FPS pakona ya sikirini si vayirasi

Ogwiritsa ntchito kompyuta ya padesiki ambiri amadzidzimuka tsiku lina ataona kanambala katakhazikika pakona ya sikirini. Kena kamakhala kobiriwira, kena kachikasu, ndipo kamangosinthasintha: 60, 59, 60. Pena pambali pake pamalembedwa FPS. Utseke mapulogalamu onse, iko kali pompo. Maganizo amathamangira ku vayirasi, moti ena amanyamula makina onse kupita nawo kwa okonza kuti akafufute zonse n'kuikamo Windows yatsopano. Kumeneko n'kutaya ndalama ndi mafayilo pachabe.

Kanambalako kamangowerenga zithunzi zimene zikuoneka pa sekondi iliyonse, ndiye FPS imeneyo. Chimene maso amaona ngati kanema woyenda ndi zithunzi zoima zimene zimasinthana mofulumira kwambiri. Mafilimu a ku sinema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi. Monita wamba imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, ndiye kuti chilichonse chimakhalapo kwa mamilisekondi osakwana 17, pamene mamonita a osewera magemu amafika 144 kapena kuposa. Wosewera amafuna kudziwa ngati makina ake akukwanitsa liwiro limeneli, n'chifukwa chake makampani anaikamo zowerengerazi. Choipa chake n'chakuti zimayaka ndi mabatani awiri kapena atatu okha. Chala chikaphonya pa kiyibodi, kapena mwana akamagwiragwira, kanambala katulukira mwini wake osadziwa.

Ntchito yonse yagona pa kupeza amene akukalemba, chifukwa olemba ake ndi ambiri ndipo sadziwana.

Yambirani pa monita, poti ndi imene anthu amaiwala. Mamonita ena, monga a ASUS okhala ndi GamePlus, ali ndi chowerengera chawochawo chimene sichidutsa mu Windows n'komwe. Zimitsani kompyuta n'kuyatsanso, maso ali pa sikirini. Ngati kanambalako kaoneka Windows isanatseguke, pamene chizindikiro cha kampani yopanga makinawo chikuonekera, wolakwa ndi monita. Apa mukhoza kuchotsa mapulogalamu tsiku lonse osaphula kanthu. Mankhwala ake ali pa timabatani ta kunsi kapena kumbuyo kwa monitayo: lowani pa zosankha za magemu n'kuzimitsa chowerengera.

Ngati kakubwera Windows itatseguka, onani mtundu wa graphics card imene ili m'makinamo. Ya NVIDIA imayatsa ndi kuzimitsa ziwerengerozi mukadina Alt ndi R pamodzi, kaya muli ndi GeForce Experience yakale ija kapena NVIDIA App imene inalowa m'malo mwake mu 2024. Batani la R lili pafupi ndi E ndi T, ndiye kulidina mwangozi n'kosavuta. Ya NVIDIA ndi imene kawirikawiri imalemba N/A pamene palibe gemu yotseguka, zomwe zimasokoneza anthu kwambiri. Ya AMD imafuna Ctrl, Shift ndi O. Chenjerani: pa AMD, Alt ndi R zimatsegula pulogalamu yonse ya Adrenalin, sizizimitsa kanthu.

Windows 10 ndi 11 nazonso zili ndi chowerengera chawo. Dinani batani la Windows ndi G, Game Bar itseguka. Mukaona kabokosi kolembedwa Performance, dinani kachizindikiro ka phini kali pamwamba pake kuti kaleke kumatirira pa sikirini. Steam ilinso ndi chowerengera pansi pa Settings, gawo la In Game, koma chimenecho chimaoneka m'kati mwa gemu basi.

Makina ogula kwa munthu wina amabwera ndi zotsalira za mwini wake woyamba. Manambala akuluakulu achikasu ndi chizindikiro cha Fraps, pulogalamu yakale imene inasiya kukonzedwanso mu 2013 koma ikadali m'makompyuta ena. Kudina F12 kumakasuntha kuchoka pakona ina kupita pa ina mpaka kubisika. Mukaona mizere ingapo yoonetsa kutentha kwa makina ndi kuchuluka kwa memory, ameneyo ndi MSI Afterburner ndi mnzake RivaTuner. Mapulogalamu otere amatha kudziyatsa okha kompyuta ikamayaka, choncho kuwatseka lero mwina sikuthandiza mawa. Tsegulani Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Startup, ndipo amene mwawapeza pamenepo muwaletse mmodzimmodzi, n'kumayatsanso makina nthawi iliyonse kuti mudziwe amene anali wolakwa. Mukawaletsa onse nthawi imodzi kanambala kachoka ndithu, koma simudziwa chimene mwachiza, ndipo mwina mwazimitsanso zina zofunika.

Kanambalaka sikaba mafayilo, sikawononga monita, ndipo mphamvu imene kamadya ndi yochepa zedi. Wokonza akakuuzani kuti pafunika Windows yatsopano chifukwa cha iko kokha, mupempheni ayambe wadina mabatani tatchulawa inu mukuona.