Kukonza Makina Asanathyoke

Ku Durban, m'dziko la South Africa, kuli bungwe la Sugar Milling Research Institute, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1949 kuti lithandize mafakitale ogaya nzimbe. Mafakitale a m'cigawo cimeneco amagaya kuyambira April kufikira December. Miyezi yotsalayo makina amaima. Amisiri amawamasula, nasintha zitsulo zakutha, nayesa mipope ya nthunzi. Ngakhale m'nyengo yogaya, amawaimitsa pa masiku oikika kuti awathire mafuta ndi kufunafuna ming'alu.

Cifukwa cace n'cakuti nzimbe zikadulidwa sizicedwa kusasa. Makina akathyoka mwadzidzidzi, nzimbe zimaunjikana pabwalo, shuga nacepa, ndipo mlimi amene anazikhetsera thukuta caka cathunthu amalandira ndalama zopelewera.