Handibuleki ya batani: dziwani izi musanamasule mabuleki akumbuyo

Galimoto zambiri zomwe amalonda akuitanitsa masiku ano kuchokera ku Japan ndi ku UK, zodzera padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zikubwera zopanda handibuleki yokoka ndi dzanja. M'malo mwake muli kabatani kolembedwa P pafupi ndi giya. Honda Vezel, Toyota C-HR, VW Golf 7, Passat ya 2005 kupita m'tsogolo ndi Mazda CX-5 ya 2015 kupita m'tsogolo ndi zina mwa galimotozi.

Kwa inu amene galimoto ndiyo imakufikitsirani katundu kumsika, ndipo munazolowera kusintha nokha mapadi pakhomo, kabatani kameneka kabweretsa lamulo latsopano. Njira yakale yongokanikiza pisitoni ndi mphamvu ikhoza kuononga kalipa. Zikatero ndalama yomwe mumapewa kupereka kwa makaniko imathera pa sipeya yodula kuposa mapadiwo kangapo, galimoto n'kukhala masiku ili pamiyala mukudikira kuti sipeyayo ipezeke.

Mmene imagwirira ntchito

Handibuleki yakale imakoka waya wopita ku matayala akumbuyo. Ya batani, m'galimoto zambiri, ili ndi kamota kakang'ono kamagetsi komangidwa kuseri kwa kalipa iliyonse yakumbuyo. Mukakoka batani, kamotako kamazunguza chitsulo chamazinga ngati bawuti chomwe chili m'kati mwa kalipa, ndipo chitsulocho chimakankha pisitoni mpaka mapadi agwire disiki. Mukamasula, chimabwerera pang'ono chabe, kungoti teyala lizungulire.

Vuto lagona pamenepo. Mapadi akamatha, pisitoni imanka ituluka, ndipo chitsulo chamazinga chija chimaitsatira m'mbuyo. Kuti mapadi atsopano, omwe ndi okhuthala, alowe, pisitoni iyenera kubwerera m'kati kwathunthu. Koma singabwerere chitsulocho chisanachoke kumbuyo kwake. Mukaipanikiza mokakamiza, mphamvu yonse imagwera pa mazinga ndi pa timagiya ta kamota, ndipo china chake chimathyoka.

Pali mtundu wina umene uli ndi mota imodzi yokha yomwe imakoka mawaya ngati a handibuleki yakale. Kuti mudziwe mtundu wanu, chotsani teyala lakumbuyo. Mukaona kabokosi kakuda kapulasitiki kokhala ndi pulagi yamagetsi kuseri kwa kalipa, ndiye kuti mota ili pakalipa pomwepo, ndipo malangizo ali m'munsiwa ndi anu.

Zofunika musanayambe

Choyamba ndi njira youzira galimoto kuti ibweze chitsulo chija mpaka kumapeto. Amakaniko amati kuika galimoto mu service mode. Galimoto zambiri zimafuna kachipangizo kotchedwa sikana, komwe kamalumikizidwa pa soketi ya OBD2 ya timabowo 16, imene nthawi zambiri imakhala kunsi kwa chiwongolero. Si sikana iliyonse ingagwire ntchitoyi. Zotchipa zambiri zimangowerenga zovuta za injini, choncho musanagule kapena kubwereka, funsani ngati ili ndi gawo la EPB komanso ngati imadziwa mtundu wa galimoto yanu. Galimoto zina, monga za Mazda, zimalowa mu service mode popanda sikana, mwa kuponda pedulo ndi kudina mabatani motsata ndondomeko yake. Ndondomekoyi imasiyana malinga ndi mtundu ndi chaka, ndiye tsatirani ya galimoto yanu yeniyeniyo, osati ya mnzanu wapamsika.

Chachiwiri ndi batire lamphamvu. Batire likafooka ntchito ili m'kati, mota imaima panjira ndipo nyali yochenjeza imayaka padashibodi. Ngati galimoto yakhala ikuvuta kuliza m'mawa, yambani mwatchaja batire.

Chachitatu ndi malo athyathyathya, jeke, masitandi ochirikiza galimoto, ndi matabwa kapena miyala yotsekera matayala akutsogolo. Kumbukirani kuti pa ntchito yonseyi handibuleki imakhala yomasula. Jeke yokha siyodalirika, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

Ntchito yake

Tsekerani matayala akutsogolo, masulani pang'ono manati a matayala akumbuyo, kwezani galimoto ndi kuikhazika pamasitandi. Ngati galimoto yanu imamanga yokha handibuleki mukazimitsa injini, zimitsani kaye gawo limenelo. Kenako lowetsani galimoto mu service mode. Mumva timamota tikulira kumbuyo kwa masekondi angapo, n'kusiya. Kuyambira pamenepo mpaka ntchito itatha, wina aliyense asakhudze batani la P kapena kuponda buleki. Ana akhale kutali ndi mpando wa dalaivala. Kamota kameneka kali ndi mphamvu yokwanira kuimitsa galimoto yodzaza katundu pamtsetse, ndiye chala sichingapirire, komanso kakhoza kutulutsiratu pisitoni ngati kalipa ili m'manja.

Tsegulani boneti muone mafuta a mabuleki. Pisitoni ikamabwerera, mafutawo amakwera m'kabotolo kake, ndipo ngati munathirapo ena posachedwa akhoza kusefukira. Mafutawa amasupula penti, choncho chotsaniko pang'ono ndi jekeseni yoyera ngati adzaza.

Masulani mabawuti a kalipa, ichotseni, ndipo ipachikeni ndi waya kuti isalendewere pa paipi ya mafuta kapena pa chingwe chamagetsi. Chotsani mapadi akale. Tsopano bwezerani pisitoni m'kati pang'onopang'ono. M'galimoto zambiri za mota pakalipa, pisitoni imangokankhidwa molunjika, siizunguzidwa ngati ya handibuleki yawaya. Ikakana kulowa, lekani. Ndiye kuti chitsulo cha m'kati sichinabwerere, kapena pisitoni yagwidwa dzimbiri.

Tsukani malo okhala mapadi ndi burashi yawaya, chifukwa fumbi ndi matope a misewu yathu amaunjikana pamenepo. Timapini tiwiri tomwe kalipa imayendapo tipakeni girizi ya mabuleki, osati ya mahabu, popeza girizi wamba amatupitsa mphira. Girizi asakhudze nkhope ya padi kapena disiki. Onaninso disiki: m'mphepete mwake kapena pakati pake pamalembedwa MIN TH ndi nambala, kutanthauza kuchepa komalizira kololedwa. Ikapyola pamenepo kapena ikakhala ndi mizere yakuya, mapadi atsopano sakhalitsa.

Ikani mapadi, bwezerani kalipa, mangani mabawuti. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, ngakhale mbali imodzi ikuoneka ngati ikadali bwino, apo ayi mabuleki amagwira mosiyana.

Zonse zikamangidwa, pondani buleki kangapo mpaka pedulo ilimbe. Mukatero tulutsani galimoto mu service mode, ndipo timamota tidzapeza tokha malo atsopano a mapadi. Mangani ndi kumasula handibuleki katatu, onetsetsani kuti nyali yochenjeza yazima, onaninso mafuta. Ngati akufunika kuonjezera, werengani pachivindikiro cha kabotolo: galimoto zambiri zimafuna DOT 3 kapena DOT 4. Yesani galimoto pang'onopang'ono pamalo opanda anthu, ndipo masiku oyambirira pewani kuponda buleki mwadzidzidzi kuti mapadi akhazikike padisiki.

Njira zachidule zodula

Ena amachotsa pulagi n'kulumikiza kamota mwachindunji ku batire kuti kabwerere. Nthawi zina zimatheka, koma mukasemphanitsa mawaya pisitoni imatulukiratu, mafuta n'kutayika, ndipo kompyuta ya galimoto ikhoza kusokonezeka mpaka kufunabe sikana yomwe mumaizemba ija. Ngati mulibe sikana ndipo galimoto yanu ilibe njira ya mabatani, lipirani makaniko amene ali nayo. Mtengo wake sungafike pa wa kalipa imodzi.

Musadikirenso kuti mabuleki ayambe kulira chitsulo. Padi ikatsala mamilimita 3, nthawi yakwana. Amene mumatsika ndi katundu ku Chiweta kapena pamsewu wa Golomoti muziyang'ana pafupipafupi, chifukwa kulemera ndi mitsetse zimadya mapadi msanga. Ndipo poti poyeza galimoto kuti ipatsidwe COF amaonanso mabuleki, ndi bwino kukonzeratu tsiku lisanafike.

Kwa ogulitsa masipeya

Galimoto za dzina limodzi zikhoza kukhala ndi mapadi akumbuyo osiyana, malinga ndi chaka komanso ngati handibuleki ndi yawaya kapena ya batani. Kasitomala akabwera, mufunseni nambala ya chasisi ndi mtundu wa handibuleki musanatsitse bokosi pashelefu. Mukatero katundu sabwezedwa. Muuzeninso za service mode, chifukwa wothyola kalipa kawirikawiri amadzaloza chala mapadi anu. Ndipo ngati shopu yanu ili pafupi ndi amakaniko apansi pa mtengo, sikana yokhala ndi gawo la EPB ikhoza kukhala bizinesi payokha: ambiri a iwo alibe, pomwe galimoto za batani zikuchulukirachulukira.