Denga likhale lomangirira mphepo isanabwere

Pa 11 Malichi 2023, namondwe Freddy adalowa kumtunda pafupi ndi Quelimane. Mphepo ndi mvula yake zidafika mpaka kuno ku Milange, n'kuwoloka malire kupita ku Mulanje ndi Phalombe m'dziko la Malawi. Chaka cha 2022, mu Januwale, tidaonanso namondwe Ana. Nyengo ya anamondwe imayamba mu Novembala ndipo imatha mu Epulo. Choncho nthawi yokonza nyumba ndi ya chilimwe, mvula isanayambe.

Yambani ndi denga. Mphepo yamkuntho imanyamula denga ngati chivundikiro cha poto. Denga likachoka, mvula imanyowetsa makoma, ndipo khoma la zidina silichedwa kugwa.

Ambiri amasanjika miyala kapena njerwa pamwamba pa malata. Njira imeneyi ndi yoopsa. Lata likanyamuka, mwala umagwera mutu wa munthu. Chofunika ndi kumangirira. Lata likhomedwe ku mitanda, mitanda imangidwe ku phaso, phaso limangidwe ku khoma. Waya wolimba azungulire phaso ndi kulowa m'khoma, mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi. Waya wogwira njerwa ya pamwamba yokha sathandiza, chifukwa njerwayo imapita limodzi ndi denga.

Gulani misomali ya malata, ya mutu waukulu ija. Khomani pamsana pa lata, osati m'ngalande modutsa madzi. Nsonga ikatulukira pansi pa mtanda, ipindeni. M'mphepete ndi m'makona mwa denga khomani misomali yambiri, pakuti mphepo imayambira pamenepo. Mtengo wodyedwa ndi chiswe sugwira msomali, usintheni.

Ngati mukumanga nyumba yatsopano, uzani mmisiri kuti denga likhale lotsetsereka mbali zonse zinayi. Denga lotere limapirira mphepo kuposa la mbali imodzi kapena ziwiri. Malata asatulukire kwambiri kunja kwa khoma. Khonde likhale ndi denga lakelake, kuti likaphwasuka lisakoke denga la nyumba.

Denga laudzu nalonso limangidwe mwatsopano. Luzi lakale limaduka msanga. Tsinikizani udzu ndi nsungwi, mumange molimba.

Dulani nthambi za mango ndi bulugamu zolendewera pa nyumba. Kumbani ngalande kuti madzi asaime m'tsinde mwa khoma.

Mverani wailesi. INAM ndiyo imalengeza za nyengo, ndipo INGD imachenjeza anthu kudzera mwa mafumu ndi makomiti a m'midzi. Mukamva chenjezo, lowetsani makasu, ndowa ndi malata ongokhala pabwalo. Tsekani zitseko ndi mazenera, chifukwa mphepo ikalowa m'nyumba imakankha denga kuchokera m'kati. BI, makadi a kuchipatala ndi mbewu muike m'pulasitiki. Akuluakulu akanena kuti musamuke, tengani ana ndi okalamba mupite kumalo amene asankhidwa kunja kusanade.