BWANA CHESTER BEATTY, AMENE ANAYAMBA NDI FOSHOLO

Anthu ambiri a ku Luanshya ndi ku Mufulira atsika m'mgodi zaka zambiri osadziwa munthu amene anasonkhanitsa ndalama zoukumbira. Dzina lace ndi Alfred Chester Beatty.

Iye anabadwira ku New York m'caka ca 1875. Atatha maphunziro a za migodi pa Columbia mu 1898, anapita ku Colorado, nayamba nchito yoola miyala ndi fosholo pansi pa nthaka. Nchitoyo inamphunzitsa kuzindikira mwala wa phindu, koma pfumbi lace linamuononga mapapo. Mkazi wace atamwalira mu 1911, anasamukira ku London, kumene anayambitsa kampani yochedwa Selection Trust.

Pa nthawi imeneyo mkuwa wa dziko lino unali wodziwika kale. Mu 1902 William Collier anaombera cilembwe m'mbali mwa mtsinje wa Luanshya, naona mwala wobiriwira pamene nyamayo inagwera. Ndico cace mgodi unachedwa Roan Antelope. Koma mwala wa pamwambawo unali wobvuta kuyenga, ndipo eni cuma anaunyoza. Mu 1926 Beatty anatumiza katswiri, Russell Parker, amene anakumba kunsi napeza mwala wa mtundu wina, wosabvuta kuyenga. Pamenepo Beatty anaitana cuma ca ku America, ndipo mu 1928 Rhodesian Selection Trust inakhazikitsidwa. Roan inayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, Mufulira mu 1933.

Mdani wamkuru poyamba anali malungo. Anchito anali kufa, ena anali kuthawa, nanena kuti mumtsinje muli cinjoka. Kampani inafunsa nzeru kwa Sir Malcolm Watson, madambo anaumitsidwa, udzudzu unacepa, ndipo imfa zinacepanso.

Komabe cumaco sicinagawidwe molingana. Malipiro a anthu akuda anali ocepa kwambiri poyerekeza ndi a Azungu, ndipo pa sitalaka ya 1935 apolisi anapha anthu 6 ku Roan.

Beatty anasamukira ku Dublin mu 1950, nasiyira dziko la Ireland mabuku akale amene anagula m'maiko ambiri. Anamwalira mu 1968. M'caka cotsatira Boma la Zambia linalengeza kuti litenga magawo 51 mwa 100 a migodi ija.