Kusintha madzi m'thanki ya nsomba popanda kuyamwa paipi

Inu amene mumagulitsa nsomba zokongoletsera, ndi inu eni malesitilanti, masaluni ndi malo ogona alendo amene munaika thanki yagalasi pakauntala kuti izikopa makasitomala, dziwani kuti nsomba zambiri za m'matanki sizifa ndi njala. Zimafa chifukwa cha madzi okhalitsa. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zikamaola pansi zimatulutsa amoniya, poizoni amene amawononga ziwalo zimene nsomba imapumira. Madzi akhoza kuoneka oyera mbee poizoniyo ali momwemo. Mukaona nsomba zikuyasama pamwamba pa madzi, mpamba wanu uli pangozi.

Mankhwala ake ndi kuchotsako madzi ena sabata iliyonse n'kuthiramo atsopano. Povuta ndi pa kachotsedwe. Thanki ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu imalowa malita 54, kutanthauza makilogalamu 54 a madzi okha, osawerengera galasi ndi miyala. Mukayesa kuipendeka, guluu wogwira magalasi amamatuka ndipo imayamba kudontha. Mukamatunga ndi kapu mumangochotsa madzi a pamwamba, litsiro lonse n'kutsala pansi. Chida choyenera ndi paipi yofewa yoonekera m'kati, yotalika mita imodzi ndi theka kapena awiri, imene m'mashopu a hadiweya amadula pa mita.

Nzeru yake ndi yomwe ija amagwiritsa ntchito ogulitsa parafini ndi petulo pokoka mafuta mu dramu. Ena amaitcha sayifoni. Mbali imodzi ya paipi imakhala m'thanki, ina imatsikira mu ndowa ili pansi. Madzi a mbali yotsikira ku ndowa akamagwa amasiya mpata pamwamba pa paipi, ndipo mpweya umene umakanikiza pamwamba pa madzi a m'thanki umakankhira madzi ena kukwera kuti atseke mpatawo. Zikangoyamba zimayenda zokha, osafuna magetsi kapena pampu. Zofunika ndi ziwiri basi. Paipi ikhale yodzaza madzi popanda mpweya, ndipo kukamwa kwake kwa ku ndowa kukhale m'munsi kuyerekeza ndi pamene madzi alekeza m'thanki.

Ndiye amene amayamwa paipi ndi pakamwa sakuchita china koma kuchotsa mpweya uja. Njirayi imagwiradi ntchito, koma ine sindingailimbikitse kwa wina aliyense. M'madzi a m'thanki mumakhala ndowe, ndipo nthawi zina mumapezeka tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba. Mukachedwa pang'ono kuchotsa pakamwa, mwamwa. Kwa anzathu a parafini ndi petulo ngozi yake ndi yoposa apa, chifukwa madontho ochepa okha akalowera ku mapapo amayambitsa chibayo choopsa.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi yomiza. Sambani m'manja ndi madzi okha, chifukwa sopo ndi mafuta odzola zimapha nsomba. Lowetsani paipi yonse m'thanki pang'onopang'ono, kuyambira mbali imodzi, mukuipinda mozungulira mpaka yonse itamira. Mudzaona thovu likutuluka. Likasiya, tsekani kukamwa kumodzi ndi chala chachikulu paipi ikadali m'madzi, tulutsani mbali imeneyo muitsitsire mu ndowa, dzanja linalo litagwira mbali yotsala kuti isavuuke. Chala muchichotse pokhapokha chikafika m'munsi mwa thanki. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amachotsa chala paipi ikadali pamwamba, madzi n'kubwerera m'thanki, iwo n'kumati paipiyo ndi yoipa.

Ngati thanki ndi yaing'ono kapena yodzaza miyala moti paipi singapindikemo, idzazireni panja. Gwirani mbali zonse ziwiri m'mwamba molingana, pakati patalendewera, wina azithira madzi ndi jagi mbali imodzi mpaka atulukire mbali inayo. Tsekani konse ndi zala, mizani mbali imodzi m'thanki, ina mu ndowa, kenaka tsegulani ya m'thanki poyamba. Amene ali ndi bala kudzanja asankhe njira imeneyi ndipo avale gulovu, popeza m'madzi a nsomba muli kachilombo kena kamene kamalowera pabala n'kuyambitsa zotupa zochedwa kupola.

Kulinso kampira kofinya ndi dzanja, ngati kamene kamakhala pa paipi ya mafuta ya injini za maboti kunyanja. Mukakalumikiza pa paipi n'kufinya kangapo, madzi amayamba kuyenda. Koma kakhale katsopano, kosakhudzapo mafuta.

Tsopano za litsiro la pansi, pamene pagona nkhani. Paipi yokha imakoka mwamphamvu moti imameza timiyala n'kutsekeka. M'mashopu a kunja amagulitsa chida chotsukira miyala, koma mukhoza kupanga nokha. Tengani botolo lapulasitiki la theka la lita, dulani kumunsi kwake, boolani chitsekerero n'kulowetsapo paipi mothina kuti mpweya usamalowe. Botolo likamizidwa m'timiyala, madzi amayenda pang'onopang'ono m'kati mwake chifukwa ndi lalikulu kuposa paipi. Timiyala timavinduka n'kugweranso pansi, pamene ndowe ndi zotsalira za chakudya, poti ndi zopepuka, zimakwera kupita ku ndowa. Muziyenda nalo malo ndi malo mpaka madzi a m'botolo ayere. Botolo lomweli limathandizanso poyambitsa. Limizeni lidzaze, litukuleni kukamwa kutaloza m'mwamba kuti madzi atsikire m'paipi, ndipo lisanathe libwezereni m'madzi mopendeka kuti mpweya utuluke. Ulendo woyamba zimakanika, wachitatu dzanja limakhala lazolowera.

Madzi akaima pakati pa ntchito, yang'anani pamene paipi yakhota pamlomo wa thanki. Kawirikawiri mupezapo thovu la mpweya kapena paipi yapindika. Liwiro mumaliwongolera nokha. Ndowa ikatsika kwambiri madzi amathamanga, mukaikweza pampando amachepetsa, ndipo mukapana paipi ndi zala amaima. Paipi yopyapyala ija amisiri omanga nyumba amayezera levulo imachedwa, koma ndi yabwino m'thanki ya tiana ta nsomba.

Tiana timeneti timakokedwa mosavuta, choncho kukamwa kwa paipi mumangepo kansalu ka sefa kapena sokosi yopyapyala yochapidwa bwino ndi madzi okha. Musayerekeze kudula neti ya udzudzu. Maneti ambiri amakhala onyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo mankhwala amenewo amapha nsomba ngakhale atakhala ochepetsetsa. Musanataye madzi a mu ndowa, suzumiranimo kaye.

Muzichotsa gawo limodzi mwa magawo anayi pa sabata. Pa thanki ya malita 54 ija ndiye malita 13 kapena 14, ndowa ya malita 20 osadzaza. M'matanki ogulitsira, momwe nsomba zimakhala zothithikana, chitani kawiri pa sabata. Kukhuthula madzi onse n'kukwecha miyala ndi kulakwitsa ngakhale thanki imaoneka yowala mukatero, chifukwa pa miyala ndi pa siponji ya fyuluta pamakhala tizilombo tabwino timene timasandutsa amoniya kukhala chinthu chosaopsa kwambiri. Siponjiyo muzingoifinya m'madzi omwe mwachotsa m'thanki, osati a pampope. Ngati muli ndi hita, izimitseni musanayambe, popeza hita yagalasi ikakhala pamtunda ikuyaka imasweka.

Madzi othiramo nawo amafuna chisamaliro. A pampope amakhala ndi klorini, amene amateteza ife anthu koma amapha nsomba ndi tizilombo tabwino tija. Atungeni dzulo lake, agone mu ndowa yosavundikira tsiku lathunthu kapena awiri, kapena gulani madontho ochotsa klorini kwa ogulitsa zipangizo za nsomba. Madzi amene mwathiramo WaterGuard kapena klorini wa ufa ndi akumwa inu, asayandikire thanki. Ndowa yake ikhale ya nsomba zokha, yosachapiramo zovala. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene anthu a ku Ulaya ndi ku America amagula ndi ndalama zambiri, zimafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 28, ndiye m'miyezi ya June ndi July madzi ogona panja amazidwalitsa. Ndowa igone m'chipinda momwe muli thanki. Pothira, ikani ndowa pamalo okwera kuposa thanki n'kugwiritsa ntchito paipi yomwe ija, madzi azigwera pa kambale kuti asavundule mchenga.

Kwa ogulitsa, paipi ndi katundu woyenera kukhala pambali pa nsomba. Kasitomala amene nsomba zake zafa patatha milungu itatu saganiza za madzi, amati munamugulitsa zodwala, ndipo amauza anzake. Dulani mapaipi a mamita awiri, lumikizani mabotolo, muzigulitsa pamodzi ndi nsomba n'kumuonetsa wogula pomwepo mmene amayambitsira. Maofesi ndi mahotela ena ali ndi matanki koma alibe munthu wodziwa kuwasamala, ndipo amene ali ndi paipi, ndowa ziwiri ndi luso limeneli akhoza kupangana nawo zobwera sabata iliyonse. Madzi akudawo musamataye mu ngalande, thirirani masamba kapena maluwa a m'miphika, muli manyowa. Mukamaliza, tsukuluzani paipi n'kuipachika pamthunzi mbali zonse zitaloza pansi kuti iume m'kati isamere ndere.